"Bola iyenda": mau amene anaimitsa chigayo cha amalume

Anthu atangokolola chaka chatha, chigayo cha amalume anga ku Kanakantapa chinakhala chete pafupifupi mwezi wathunthu. Inu amene munakulira m'komboni ndi unga wa m'thumba mwina simungaone kukula kwa nkhaniyi. Kumudzi chigayo chikaima, azimai amasenza chimanga kupita ku chigayo china chakutali, anyamata a njinga amakweza mtengo, ndipo mwini chigayo amakhala pa chitsa kuwerenga ndalama zimene sizikulowa. Ana awiri a amalume ali ku koleji, ndipo fizi yao imachokera mu ma meda amene amagayidwa pamenepo.

Chimene chinafa ndi shafiti, chitsulo chija chimene chimazungulira ndi tinyundo tophwanya chimanga. Malo amene pamakhala bering'i anali atadyeka. Amalume anachikulunga m'saka, kuchikweza basi ya ku Chongwe, n'kundiimbira foni: "Iwe wa m'tauni, si ndiwe udziwa kumene kuli makina? Kasemetse chatsopano."

Ndinapita nacho ku workshop ina ku industrial area mu Lusaka. Sinditchula dzina, chifukwa zimene ndinaona kumeneko zikuchitika m'malo ambiri. Anali ndi lathe ya CNC yogula yakale kunja, yaikulu ngati minibasi, ya chitseko cha galasi ndi screen ya manambala. Woiyendetsa anali mnyamata wa msinkhu wanga, wochenjera, wodziwa kulemba pulogiramu. Ola limodzi lisanathe shafiti inatuluka ikunyezimira ngati supuni yatsopano. Ndinaijambula, kuika pa status, n'kulipira.

Kumudzi bering'i inangolowa ndi dzanja, osalimba konse. Amalume anakwinya nkhope. Makanika wa m'deralo anatenga panchi ndi hamala, kugogoda timaenje kuzungulira shafitiyo kuti bering'i igwire, n'kunena kuti, "Bola yalowa, bola iyenda." Inayendadi masiku asanu ndi anai. Tsiku lakhumi inayamba kutentha, kulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, chigayo n'kuimanso. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nditabwerera ku workshop ndi mkwiyo wanga, ndinapeza kuti si ine ndekha wodandaula. Mwini wake anali ataitana mdala wina amene anagwira nchito ya u fitter ku migodi ya ku Copperbelt zaka zambiri. Mdalayo sanayang'ane screen. Anatulutsa micrometer m'kabokosi ka thabwa, kuipukuta ndi kansalu, n'kupima shafiti yanga. Inayenera kukhala mamilimita 50 ndi kakang'ono pamwamba. Inali 49.93.

Mnyamata uja anati, "Koma ba mudala, pa screen ilemba 50."

Mdala anati, "Mufana wanga, iyi screen siiona nsimbi. Ipenda chabe kuti mota yazunguluka kangati."

Mau amenewo ndiwo andichititsa kulemba nkhaniyi, choncho ndiyambe ndafotokoza tanthauzo lake kwa amene simunaimepo pafupi ndi makina otere.

Pa lathe, chitsulo chosemedwa ndicho chimazungulira, ndipo mpeni umayenda mbali ziwiri. Umayenda m'litali mwa chitsulo, njira imene amaitcha Z, ndiponso umalowa ndi kutuluka, njira imene amaitcha X. Pa lathe yakale munthu ndiye amapukusa zogwirira ndi manja. Pa CNC kompyuta imalamula mota, mota imazunguza bauti yaitali yosalala yotchedwa ball screw, ndipo bautiyo imakankha chonyamulira mipeni. Kuti izi zitheke, bautiyo iyenera kuzungulira pamalo amodzi, osasuntha kutsogolo kapena kumbuyo ngakhale pang'ono. Chimene chimaigwira ndi mabering'i apadera kumapeto kwake, ma thrust bearing. Ndi tizitsulo tokwana m'chikhatho, tobisika kuseri kwa chivundikiro, timene palibe amatijambula.

Tikadyeka, bauti imayamba kugwedera. Mota imazungulira ndendende monga yauzidwira, kompyuta imakhulupirira kuti mpeni wafika pamene unatumidwa, koma mpeni uli pena. Pa makina ambiri a mtundu uwu chowerengera chili pa mota, si pa mpeni, ndiye screen imanena zimene ikudziwa, ndipo zimene ikudziwazo ndi zolakwika. Pa njira ya X cholakwacho chimawirikiza kawiri, chifukwa mpeni ukalowa mopitirira, umadya kuzungulira chitsulo chonse. Kugwedera kwa 0.04 kumachotsa 0.08 pa kunenepa kwa shafiti. Pepala la m'pulinta ndi lochindikala pafupifupi 0.1, ndiye tikukamba za chinthu chopyapyala kuposa pepala. Chimenecho ndicho chinaimitsa chigayo cha mudzi wonse.

Ndinakhala pa benchi tsiku lonse kuonerera mdala uja. Anayamba ndi dial gauge, kawotchi kaja kokhala ndi muvi umodzi ndi maginito. Anakaika pa chonyamulira mipeni, kuuza mnyamata ayendetse kutsogolo pang'ono, kenako kumbuyo. Manambala pa screen anasintha msanga, koma muvi unachedwa kunyamuka. Kugwedera kunalipo, koma kukuchokera pati? Kungakhale mu nati imene imayenda pa bauti, kungakhale mu mabering'i. Nati ndi bauti yake ndi zodula kwambiri, ndipo munthu wosadziwa angagule zimenezo pachabe. Mdala anatenga kampira kachitsulo, kukamata ndi girisi pa kabowo ka kumapeto kwa bauti, n'kugunditsa nsonga ya gauge pa kampirako. Atatembenuza njira, muvi unalumpha. Bauti yeniyeniyo inali kusuntha. Vuto linali m'mabering'i, ndipo kuti adziwe zimenezi sanamasule kanthu kupatula chivundikiro.

Kenako anafunsa funso limene linachititsa manyazi onse m'chipindamo: kodi kugwedera uku munakuona liti? Zinadziwika kuti anakuona miyezi ingapo m'mbuyomo, mpeni utagunda chogwirira chitsulo mwangozi. Kugunda kotere kumasiya timaenje m'njira ya timipira ta bering'i, ndipo kuyambira pamenepo imadyeka msanga. M'malo momasula, analowa mu kompyuta. Makina a CNC ali ndi nambala imene mumalembamo kukula kwa kugwedera, kuti mota izionjezera kuzungulira pang'ono nthawi iliyonse ikatembenuka. Opanga makina anaika nambalayo kuti ichotse kotsalira kakang'ono pa makina abwino. Apa anaisandutsa bandeji. Vuto likakula, iwo amakuza nambala.

Chifukwa chake sizingagwire n'chosavuta kumva. Nambala imakhala imodzimodzi, koma bering'i yakufa sigwedera mofanana. Mpeni ukamadya kwambiri imasuntha kwambiri, ukamapala pang'ono imasuntha pang'ono. M'mawa makina ali ozizira ndi zina, masana atatentha ndi zina. Ndiye shafiti imodzi ituluka bwino, yachiwiri yoonda, yachitatu yonenepa, ndipo amene watenga yoondayo ndi mphawi wa ku Kanakantapa amene alibe micrometer.

Ine ndiona kuti apa ndi pamene matenda athu ali, ndipo si a workshop imodzi. Timakonda kukonza chimene chikuoneka m'malo mokonza chimene chafa. Mnyamata wa m'tauni anachita ndi kiyibodi zimene makanika wa kumudzi anachita ndi panchi. Onse awiri anadziwa kuti chinachake sichili bwino, onse awiri anapeza njira yoti tsiku lidutse. Wina anaphunzira ku koleji, wina pansi pa mtengo wa mango, koma onse anamaliza ndi mau amodzi: bola iyenda.

Nchito yeniyeni yosintha mabering'i inanditsegula maso kwambiri kuposa zonse. Atawerenga nambala pa yakaleyo anapeza ndi 30TAC62, ya kampani ya NSK ya ku Japan: bowo lake mamilimita 30, kunja 62. Mmodzi mwa anyamata anati bering'i ya 6206 ili ndi bowo la 30 ndi kunja kwa 62 chimodzimodzi, ipezeka m'mashopu a masipeya paliponse, ndipo mtengo wake ndi wa lanchi. Ananena zoona pa manambala. Koma 6206 inapangidwira makamaka kunyamula katundu wopsinja shafiti cham'mbali, monga pa mota kapena pampu. Ya pa ball screw timipira take timagunda njira yake mopendekeka madigiri 60, kuti ilimbane ndi mphamvu yokankha m'litali, ndipo imabwera awiriawiri kapena kuposa, opalidwa ku fakitale kuti akamangidwa pamodzi azipanana pa mlingo woyenera. Kupanana kumeneko ndiko kumachotsa kugwedera. Ndiponso ina ndi yochindikala mamilimita 15, ina 16. Mdala anangoti, "Nsapato ya saizi imozi, koma ina ni gambutsu, ina ni patapata."

Anadikira sabata kuti zenizeni zifike kuchokera ku Johannesburg. Tsiku loika ndinapempha kubweranso. Ndinaona zinthu zimene sizili pa screen iliyonse. Asanachotse mota anachirikiza chonyamulira mipeni ndi thabwa lolimba, chifukwa pa lathe yopendekeka buleki ili m'mota, ndipo mukaichotsa chitsulo cholemeracho chingatsetsereke n'kuphwanya dzanja. Anajambula ndi foni mmene akale anayang'anirana asanawatulutse, chifukwa mukatembenuza imodzi, kupanana konse kwatha. Anayala pepala loyera pa tebulo, kusamba m'manja, osatsegula paketi mpaka nthawi yoika itakwana. Girisi anaika wochepa, osati kudzaza, chifukwa wochuluka amatenthetsa. Hamala sinakhudze bering'i ngakhale kamodzi. Nati yomangira anaimanga ndi sipanala yopima mphamvu, pa mlingo wolembedwa m'buku la makinawo. Atatha anabwezera nambala ija ya mu kompyuta pansi, kupimanso ndi gauge, kukonzanso poyambira pa njira ya X, n'kusema kachitsulo koyesera katatu. Katatu konse micrometer inanena chimodzimodzi.

Shafiti yachiwiri ya amalume inasemedwa madzulo omwewo. Ikuzungulira mpaka lero.

Manje ndidziwa zimene ena a inu mukuganiza, ndipo sindikufuna kuzinyoza. Mwini workshop si chitsiru. Mabering'i otere amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa mtengo umakwera. Makina akaima sabata, malipiro a antchito ndi lendi siziima. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola ochuluka pa tsiku, ndipo munthu amene wapatsidwa maola ochepa a magetsi safuna kuwathera pa kumasula makina. Ifenso makasitomala tili ndi mlandu: timazungulira ma workshop asanu kufuna wotchipa, ndipo wopima bwino amaoneka ngati wakuba. Zonsezi n'zoona.

Koma werengani bwino. Mtengo wa mabering'i aja sunathawe. Unangosamukira kwa ena. Amalume analipira mabasi kanai, mabering'i a chigayo kawiri, ndi masabata osagaya. Azimai analipira ndi makosi ao. Workshop yomweyo inataya chitsulo, inasema kachiwiri ulere, ndipo inatsala pang'ono kutaya dzina. Pamapeto pake inagulabe mabering'iwo. Kukonza kwa "bola iyenda" kuli ngati kaloba: umakuthandiza lero, koma pobweza umabweza kawiri, ndipo kawirikawiri wobweza si amene anakongola.

Palinso msampha wina umene mnyamata aliyense wofuna nchito imeneyi ayenera kuudziwa: mabering'i achinyengo. Pa dziko lonse pali anthu amene amatenga zitsulo zotchipa, kuzidinda dzina la SKF, NSK, FAG kapena Timken, n'kuziika m'bokosi looneka ngati lenileni. Vutoli ndi lalikulu moti makampani opanga mabering'i, kudzera mu World Bearing Association, ali ndi kampeni yolimbana nalo, ndipo SKF ili ndi app imene mumatumizirapo zithunzi kuti akuuzeni ngati chimene mwagula ndi chao. Mtengo ukakhala wokoma kwambiri, funsani kawiri. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampaniyo, sungani lisiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi msinkhu wa mdala uja. Tsitsi lonse ndi loyera, ndipo powerenga micrometer amavala magalasi awiri. Anthu a m'badwo wake anaphunzira m'ma workshop a migodi, a njanji ku Kabwe, a TAZARA ku Mpika, kumene mnyamata amatha miyezi akupala chitsulo ndi fayilo asanaloledwe kukhudza makina. Anthu amenewa akutha mmodzimmodzi. Ife obwera m'mbuyo tikuthamangira kumene kuli screen. Sindikunena kuti kulemba pulogiramu ndi nchito yachabe. Makina oyamba oyendetsedwa ndi manambala anaonetsedwa ku MIT ku America mu 1952, ndipo kuyambira pamenepo dziko silinabwerere m'mbuyo. Mnyamata wa pa workshop uja amachita mu ola limodzi zimene kale zinali kutenga tsiku. Koma makina ambiri amene amafika kuno ndi akale, anagwira kale zaka zambiri kwina. Amene anawapanga ali ku Japan, ku Germany, ku Taiwan. Akafa, kuitana katswiri wakunja ndi tikiti ya ndege ndi hotela. Dziko logula makina akale liyenera kukhala ndi okonza ambiri kuposa dziko lowapanga.

Kanakantapa yeniyeniyo iyenera kutiphunzitsa kanthu. Malowa anatsegulidwa mu 1988, nthawi ya Kaunda, kuti achinyamata osowa nchito m'tauni apatsidwe minda, ndipo boma la Japan linathandizapo pa chitukuko chake. Amalume anali mmodzi mwa anyamata amene anachoka m'komboni ndi chikwama chimodzi. Akamakamba za zaka zonsezi, sakamba zambiri za tsiku limene makina atsopano anafika. Amakamba za amene anatha kuwasunga amoyo. Yendani m'mafamu a m'boma la Chongwe kapena kwina kulikonse, mudzaona mathirakita atakhala pa miyala, mapampu a dzimbiri, zigayo zimene nkhuku zikuikiramo mazira. Zambiri mwa izo sizinafe imfa yaikulu. Zinafa ndi kanthu kokwana m'thumba la malaya.

Ndalama zophunzirira zilipo kuposa kale. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo gawo lina ndi la mabasare a maphunziro a luso la manja. Kuyambira 2017 olemba anthu nchito amalipira Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro, yothandizira maphunziro omwewo. Makoleji olembetsedwa ku TEVETA, monga NORTEC ku Ndola, amaphunzitsa u fitter ndi kusema zitsulo. Funso langa kwa inu anzanga odzaza mafomu a basare ndi ili: mwa maphunziro onse ali pa mndandanda, n'chifukwa chiani ambiri timadumpha awa? Tikuopa ovolosi? Tikuopa kuti msungwana adzaona girisi m'zikhadabo? Ndipo alongo athu, ndani anakuuzani kuti micrometer imafuna ndevu? Nchito imene ndinaona mdala akugwira inafuna maso, ukhondo ndi kudekha. Chinthu cholemera kwambiri chimene ananyamula tsiku lonse ndi thabwa.

Kwa eni ma workshop ndili ndi pempho limodzi. Mdala akabwera kudzakonza makina anu, musatume anyamata kukagula drinki. Aimeni pafupi naye, agwire tochi, afunse mafunso opusa. Mulipireni tsiku lina loonjezera kuti aphunzitse. Gulani dial gauge, pimani kugwedera mwezi uliwonse, lembani m'kabuku. Nambala ikayamba kukwera mudzaitanitsa mabering'i makina akali kugwira nchito, m'malo modikira kasitomala wokwiya.

Kwa makoleji: wophunzira CNC asamalize asanamasulepo ndi kumanganso njira imodzi ya makina ndi manja ake. Adziwe kuti kuseri kwa nambala iliyonse pa screen kuli chitsulo chimene chimadyeka.

Kwa ife makasitomala: polandira chitsulo chosemedwa, tisamayang'ane kunyezimira. Tinene kuti, "Pimani ndione." Wodziwa nchito yake sakwiya ndi pempho limeneli, amatulutsa micrometer akumwetulira. Amene wakwiya wakuuzani kale zonse.

Mnyamata wa pa lathe uja tinasanduka mabwenzi. Sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Sichinali cha screen. Chinali cha kabuku ka sukulu, kolemba ndi bolopeni: tsiku, X, Z, ndi timanambala ting'onoting'ono pansi pake. Anagula dial gauge yakeyake ndi malipiro a mwezi umodzi, ndipo Loweruka lililonse amapita kunyumba kwa mdala uja. Akuti mdala amamupatsa fayilo ndi kachitsulo, n'kumusiya pakhonde mpaka dzuwa litapendeka.

Amalume nawonso asintha kakambidwe. Tsiku lina makanika uja anabwera kudzamanga lamba wa chigayo, n'kuyamba kunena kuti bola. Amalume anamudula pakamwa: "Bola yako ija inandidyera mwezi. Manga bwino, ndidikira."